Tchimo, Lamulo ndi Mavoti: Zomwe Akhristu Osunga Chiphunzitso Chakale Akulimbira

Pa 18 Disembala 2023 ofesi yoona za chiphunzitso ku Vatican idatulutsa chikalata chotchedwa Fiducia Supplicans, chomwe Papa Francis adachivomereza. Chikalatacho chidati wansembe angathe kudalitsa anthu awiri okhalira limodzi kunja kwa ukwati wa Mpingo, ngakhale akhale amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, bola dalitsolo lisaoneke ngati mwambo wa ukwati. Sabata isanathe, aepiskopi a ku Malawi, Zambia ndi Nigeria adali atanena kale kuti kwawo zimenezo sizichitika. Pa 11 Januwale 2024 Kadinala Fridolin Ambongo wa ku Kinshasa adalemba kalata m'malo mwa aepiskopi a mu Africa yotemetsa nkhwangwa pamwala, ndipo Rome sadalimbane naye.

Kuti Papa auzidwe poyera ndi aepiskopi ake omwe kuti kuno ayi, si chinthu chochitikachitika. Zidatheka chifukwa Akhristu ambiri salinso komwe adali kale. Bungwe la kafukufuku la Pew limati m'chaka cha 1910 Akhristu awiri mwa atatu aliwonse adali ku Europe. Pofika 2020 maiko a mu Africa a kummwera kwa Sahara adali ndi pafupifupi 31 peresenti ya Akhristu onse a padziko, pomwe Europe idatsala ndi 22 peresenti. Ku England ndi Wales kalembera wa 2021 adapeza koyamba kuti odzitcha Akhristu sakukwananso theka la anthu. Ndiye woganiza kuti mikangano ya kuchotsa mimba, ya ukwati ndi ya ufulu wa chipembedzo ndi ya azungu a chipani cha Republican ku America okha, waona mbali imodzi chabe.

Akhristu amene tikunenawa sali mumpingo umodzi. Alipo Akatolika, a Orthodox, a Anglican, a Presbyterian, a Baptist ndi a Pentekoste. Mukawakhazika pamodzi kuti akambirane za ubatizo, za mgonero kapena za malilime, dzuwa lingalowe asanamvane. Chowamanga pamodzi ndi chikhulupiriro choti zimene Baibulo likunena, ndi zimene mpingo wakhala ukuphunzitsa kwa zaka pafupifupi 2,000 pa za moyo, thupi ndi banja, sizisintha chifukwa choti Nyumba ya Malamulo yavota kapena khoti lagamula.

Kwa amene amaonera patali, maganizo awo amaoneka ngati mndandanda wa zinthu zomwe amadana nazo. Koma zonsezo zimachokera pa tsinde limodzi: munthu sadadzilenge, choncho si mwini wake wa moyo wake. Genesis 1:27 amati Mulungu adalenga munthu m'chifaniziro chake, ndipo adawalenga mwamuna ndi mkazi. Ngati zili choncho, moyo ndi chinthu chopatsidwa, thupi ndi lopatsidwa, ukwati nawo udakhazikitsidwa boma lisanabadwe. Mbali inayo, yomwe yakula kwambiri ku Europe ndi ku North America chiyambire zaka za m'ma 1960, imayambira pena: mwini thupi ndiye mwini chiganizo, ndipo ntchito ya boma ndi kuteteza chisankho chake malinga ngati sakupweteka wina. Mbali zonse ziwiri zimati zikuteteza ulemu wa munthu, ndipo zonse zikunena mochokera pansi pa mtima. N'chifukwa chake mitsutso ya pa wailesi ndi pa Facebook imangothera pa kutukwanana. Anthuwo sakusiyana pa yankho lokha; adasiyana kale pa funso.

Pali mfundo yachiwiri yomwe ambiri amaiiwala, ngakhale eni ake omwe. Chiphunzitso chakalechi chimati munthu aliyense ndi wochimwa, mfumu ndi pulezidenti omwe. Aroma 13 amalamula kumvera olamulira, koma Machitidwe 5:29 amaika malire, kuti kumvera Mulungu kumaposa kumvera anthu. Boma lili ndi gawo lake, banja lili ndi gawo lake, mpingo nawo uli ndi lake, ndipo lina lisameze linzake. Apa ndi pomwe pamachokera kulimbikira kwawo koti kholo ndilo loyamba kunena zomwe mwana aphunzire pa nkhani za kugonana, osati unduna wa maphunziro kapena bungwe lobwera ndi ndalama.

Nkhani ya kuchotsa mimba ndiyo yakale kwambiri. Kabuku ka malangizo a mpingo woyamba kotchedwa Didache, kolembedwa atumwi atangopita kumene, kamaletsa poyera kupha mwana pochotsa mimba kapena kupha khanda lobadwa kale. Nthawi imeneyo Aroma ankataya makanda osafunidwa ndipo palibe ankadabwa. Kuganiza kwa Akhristuwa n'kosavuta kukutsatira. Chomwe chili m'mimbacho n'chamoyo, n'cha mtundu wa anthu, ndipo chikukula. Ukati si munthu lero koma akhala munthu pa sabata 12, kapena 24, uyenera kufotokoza chasintha n'chiyani usiku umenewo. Ukati kukula kwa thupi, kapena nzeru, kapena kutha kudziimira pawekha, ndiye kuti wayamba kuyeza umunthu pa sikelo, ndipo sikelo yomweyo mawa iyeza wolumala ndi nkhalamba yoiwalaiwala.

Chodabwitsa n'chakuti ku America si Akhristu onse adayamba ndi maganizo amenewa. Mu 1971 msonkhano wa Southern Baptist Convention, mpingo waukulu wa Chiprotestanti m'dzikomo, udavomereza mfundo yopempha kuti lamulo lizilola kuchotsa mimba pa zifukwa zina. Khoti lalikulu litagamula mlandu wa Roe v. Wade pa 22 Januwale 1973, kuti mayi ali ndi ufulu wochotsa mimba, amene adaima kutsogolo kutsutsa adali Akatolika. A evangelical, Achiprotestanti olimbikira za Baibulo ndi kubadwanso mwatsopano, adalowa mwamphamvu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, nthawi yomwe mbusa Jerry Falwell adayambitsa gulu la Moral Majority mu 1979. Kuyambira pamenepo adagwira ntchito ya zaka makumi: kuvota, kuphunzitsa maloya, kulondalonda amene akusankhidwa kukhala majaji. Pa 24 Juni 2022, pa mlandu wa Dobbs womwe udayambira pa lamulo la ku Mississippi loletsa kuchotsa mimba yopitirira masabata 15, khoti lidafafaniza Roe. Atatu mwa majaji amene adagamula motero adasankhidwa ndi Donald Trump.

Koma walira mvula walira matope. Chigamulocho sichidaletse kuchotsa mimba. Chidangobweza nkhani kwa ovota a m'chigawo chilichonse. Mu Ogasiti 2022 anthu a ku Kansas, chigawo chomwe chimavotera Republican, adakana kuchotsa ufuluwo m'malamulo awo. Mu Novembala 2023 a ku Ohio adaulemba m'malamulo awo aakulu. Kwina zidatembenuka kale: Ireland, dziko lomwe linkatchuka ndi Chikatolika, lidavota mu 2018 kulola kuchotsa mimba, Argentina idatsatira mu 2020, ndipo France idalemba ufuluwo m'malamulo ake aakulu mu Malichi 2024. Kupambana kukhoti n'kwina, kukopa mitima ya anthu n'kwinanso, ndipo kwa zaka 49 mphamvu zambiri zidapita ku koyambako.

Otsutsa ali ndi mafunso omwe si a chibwana. Bungwe la WHO limati pafupifupi 45 peresenti ya mimba zochotsedwa padziko zimachotsedwa m'njira zoopsa, ndipo amayi ambiri ofa nazo ndi a m'maiko osauka. Namwino amene walandirapo mtsikana wa zaka 15 akutaya magazi, atalowetsedwa kamtengo ndi munthu wosadziwa chilichonse, safuna kumva za filosofi. Pangano la Maputo la 2003, lokhudza ufulu wa amayi mu Africa, limapempha maiko kulola kuchotsa mimba ngati mayi wagwiriridwa, wapatsidwa mimba ndi wachibale, kapena moyo ndi thanzi lake zili pachiswe. Akhristu osunga chiphunzitso chakale samayankha chimodzimodzi apa. Pafupifupi onse amavomereza chithandizo chopulumutsa mayi, monga mimba ikakhala m'njira ya dzira m'malo mwa m'chiberekero. Pa mimba ya kugwiriridwa, Mpingo wa Katolika umati mwana sangalipire mlandu wa bambo ake, pomwe Achiprotestanti ena amalola. Ine ndimaona kuti mfundo yawo pa moyo wa mwana wosabadwa ndi yolimba kuposa momwe adani awo amaivomerezera. Imafooka m'manja mwa mpingo womwe umaguba mumsewu kutsutsa lamulo koma Lamulungu n'kudula mtsikana woyembekezera, mwamuna womupatsa mimbayo ali phee pa benchi la kutsogolo.

Kumapeto kwa moyo kuli mkangano wofanana. Netherlands ndi Belgium adalola madokotala kuthandiza odwala kufa mu 2002, ndipo Belgium idafutukula lamulolo kufikira ana mu 2014. Canada idayamba mu 2016 ndi odwala omwe imfa yawo yayandikira, koma mu 2021 idachotsa malire amenewo. Mu 2023 anthu oposa 15,000 adafa m'njira imeneyi m'dzikomo, pafupifupi imfa imodzi mwa 20 zilizonse. Akhristuwa amaloza manambala amenewa n'kunena kuti tidakuuzani, ndipo pa nkhani iyi mabungwe ena a anthu olumala, osapemphera n'komwe, ali nawo mbali imodzi.

Za ukwati ndiye zagawa mipingo yeniyeniyo. Netherlands idali dziko loyamba kulola ukwati wa amuna kapena akazi okhaokha mu 2001, South Africa idatsatira mu 2006, ndipo America mu 2015 pa mlandu wa Obergefell, majaji 5 kutsutsana ndi 4. A chiphunzitso chakale amagwira mawu a Yesu pa Mateyu 19, pomwe akubwereza za mwamuna ndi mkazi kukhala thupi limodzi, n'kunena kuti ukwati si chikondi chokha cha akulu awiri, koma mgwirizano womwe umapatsa mwana mayi ndi bambo. Akhristu a mbali inayo amayankha kuti mpingo udasinthapo maganizo pa ukapolo ndi pa udindo wa amayi, ndipo chikondi chokhulupirika cha anthu awiri sichingakhale chomwe Paulo ankadzudzula.

Mpingo wa Anglican waonetsa bwino momwe mng'alu umayendera. Pa msonkhano wa Lambeth wa 1998 mabishopu adavomereza, 526 kutsutsana ndi 70, mfundo yoti kugonana kwa amuna kapena akazi okhaokha n'kosagwirizana ndi Malemba. Mfundo yomweyo, ndipo apa ambiri sawerengapo, idapemphanso mpingo kumvetsera anthu oterewa, kuwatumikira ndi kudzudzula mantha opanda pake pa iwo. Mu 2003 a ku America adadzoza Gene Robinson, yemwe ankakhala ndi mwamuna mnzake, kukhala bishopu wa New Hampshire. Mu 2008 mabishopu okwiya, ambiri a ku Nigeria, Uganda, Kenya ndi Rwanda, adakumana ku Jerusalem n'kuyambitsa gulu la GAFCON. Church of England itavomereza mapemphero odalitsa mabanja oterewa mu Febuluwale 2023, msonkhano wa GAFCON ku Kigali mu Epulo chaka chomwecho udalengeza kuti ulibenso chikhulupiriro mwa Arkibishopu wa Canterbury, mtsogoleri wauzimu wa a Anglican padziko lonse. A Methodist nawo zawaonekera: pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mipingo ya United Methodist ku America lidatuluka pofika 2023, ndipo msonkhano waukulu utachotsa ziletso zakale mu 2024, a ku Côte d'Ivoire adavota kutuluka.

Pa za anthu omva kuti thupi lawo silikugwirizana ndi momwe amadzionera, maganizo awo ndi omwewo a thupi lopatsidwa. Nkhawa yawo yaikulu ili pa ana, ndipo apa zinthu zawayendera mosayembekezeka: lipoti la Dr Hilary Cass ku England la Epulo 2024 lidapeza kuti umboni wa mankhwala oimitsa kutha msinkhu ndi wofooka, ndipo zipatala za boma kumeneko zidasiya kuwapereka mwachizolowezi.

Malamulo atasintha, funso lidasanduka lakuti wokana atani. Jack Phillips, wopanga makeke ku Colorado, adakana mu 2012 kupanga keke ya ukwati wa amuna awiri, ngakhale adati china chilichonse cha m'sitolo mwake atha kuwagulitsa. Mlandu udayenda zaka zisanu ndi chimodzi mpaka khoti lalikulu lidamukomera mu 2018, makamaka chifukwa bungwe la boma lomwe lidamuzenga lidaonetsa kunyoza chipembedzo chake. Ku Finland, Päivi Räsänen, dokotala yemwe adakhalapo nduna ya za m'dziko, adazengedwa mlandu chifukwa cha zomwe adalemba, kuphatikizapo uthenga wa pa Twitter wa 2019 wokhala ndi chithunzi cha mavesi a pa Aroma 1. Makhoti awiri adamupeza wosalakwa mu 2022 ndi 2023, koma oimira boma adapitabe nawo ku khoti lalikulu. Amuna awiri aja a ku Colorado nawo ali ndi mbali yawo: kulowa m'sitolo n'kubwezedwa chifukwa cha chomwe uli n'kowawa, ndipo anthu akuda a ku America akukumbukira bwino zimenezo.

Tsopano pali funso lomwe Akhristu amenewa sadamvanebe pakati pawo, ndipo kwa ine ndilo lalikulu kuposa onse. Kodi tchimo lililonse liyenera kukhala mlandu wa kupolisi? Thomas Aquinas, mphunzitsi yemwe palibe angamunene kuti adali wotayirira, adalemba m'zaka za m'ma 1200 kuti lamulo la anthu sililetsa zoipa zonse, koma zikuluzikulu zokha, makamaka zopweteka anthu ena monga kupha ndi kuba. Chigololo ndi tchimo lotchulidwa m'Malamulo Khumi, koma ndi Akhristu ochepa amene angafune kuti achigololo onse atsekeredwe. Ndende sizingakwane, ndipo mabenchi ena a m'tchalitchi angatsale opanda anthu.

Lamulo la ku Uganda lomwe Pulezidenti Yoweri Museveni adasainira mu Meyi 2023 lidaika funsoli poyera. Limapereka chilango cha ndende moyo wonse kwa ogonana amuna kapena akazi okhaokha, ndi cha imfa pa milandu ina yomwe limaitcha yoipitsitsa. Arkibishopu Stephen Kaziimba wa Anglican adalilandira, ngakhale adati mpingo wake sugwirizana ndi chilango cha imfa. Koma Ted Cruz, seneta wa ku Texas yemwe amadziwika ndi kutsutsa maukwati oterewa, adalidzudzula kolimba. Papa Francis adali atanena kale mu Januwale chaka chomwecho kuti kukhala wotero si mlandu, popanda kusintha chiphunzitso cha Mpingo pa za mchitidwewo. World Bank itaimitsa ngongole zatsopano ku Uganda mu Ogasiti 2023, ambiri mu Africa adati uwu ndi utsamunda wovala suti, ndipo madandaulo amenewo ali ndi maziko: dziko losauka lisamauzidwe kuti lisankhe pakati pa chikumbumtima chake ndi mankhwala a m'chipatala. Komabe kulakwa kwa mwini ndalama sikusandutsa lamulo kukhala labwino. Munthu amene akupempha ku Helsinki, likulu la Finland, kuti boma lisalowerere chikumbumtima chake, n'kumawomba m'manja boma likathyola chitseko cha chipinda cha wina ku Kampala, akugwiritsa ntchito miyeso iwiri, ndipo Miyambo 20:10 ili ndi mawu pa zimenezo. Ndi bwinonso kukumbukira kuti malamulo ambiri otere m'maiko omwe ankalamulidwa ndi Britain adabwera ndi atsamunda omwewo.

Chiopsezo china ndi ukwati wa mpingo ndi chipani. Mu 2016 a evangelical achizungu pafupifupi 8 mwa 10 aliwonse ku America adavotera Trump, munthu wokwatira katatu, yemwe mawu ake onyansa okhudza akazi adamveka dziko lonse patatsala mwezi umodzi kuti chisankho chichitike. Ambiri mwa iwo ndi omwe ankati m'nthawi ya Bill Clinton khalidwe la mtsogoleri ndi nkhani yaikulu. Yankho lawo lidali lakuti sitikusankha mbusa, tikufuna majaji. Ndipo majajiwo adawapezadi. Ena, monga Russell Moore yemwe ankatsogolera nthambi ya za chikhalidwe ya Southern Baptist mpaka 2021, adachenjeza kuti mtengo wake ndi mbiri ya uthenga womwewo. Akhristu akuda a ku America, omwe ambiri amawerenga Baibulo mwachikale chimodzimodzi, amavotera chipani cha Democrat mwaunyinji, chifukwa kwa iwo tsankho ndi umphawi ndi nkhani za m'Baibulonso.

Mbiri ili ndi zitsanzo zoopsa kuposa apa. Southern Baptist idabadwa mu 1845 pa mkangano woteteza eni akapolo, ndipo idapepesa mu 1995. Dutch Reformed Church ya ku South Africa idapezera apartheid mavesi, mpaka mipingo inzake ya Reformed idaiimitsa pa msonkhano wa ku Ottawa mu 1982. Mu Malichi 2022 Patriarch Kirill wa ku Moscow, mtsogoleri wa mpingo wa Orthodox ku Russia, adalalikira moikira kumbuyo nkhondo ya ku Ukraine, akuti anthu a ku Donbas, kum'mawa kwa Ukraine, akukana zionetsero za ogonana amuna kapena akazi okhaokha. Wandale wochenjera adadziwa kale kuti ukatchula banja ndi Mulungu pa msonkhano, abusa ena safunsanso za ndalama za boma zomwe zasowa. Komanso mipingo yomwe ikuphunzitsa dziko za kudzisunga yakhala ikubisa ogwirira ana: Mpingo wa Katolika ku Boston mu 2002, lipoti la Southern Baptist mu 2022, ndi Justin Welby, Arkibishopu wa Canterbury, yemwe adalengeza zotula pansi udindo mu Novembala 2024 chifukwa chosachitapo kanthu mokwanira pa nkhanza za John Smyth, yemwe adazunza anyamata ku England kenako ku Zimbabwe.

Mbiri yomweyo ili ndi mbali ina. William Wilberforce, amene adalimbana ndi malonda a akapolo mpaka Britain idawaletsa mu 1807, adali wa evangelical weniweni. Ndondomeko ya PEPFAR yomwe George W. Bush adayambitsa mu 2003, yomwe boma la America limati yapulumutsa miyoyo pafupifupi 25 miliyoni ku Edzi, idatheka mwa zina chifukwa Akhristu a mbali yomweyi adaikankha. Thandizo la kunja litaimitsidwa mu Januwale 2025, mabungwe achikhristu monga Catholic Relief Services adali m'gulu la oyamba kumva kuwawa, ndipo funso lidabuka m'nyumba momwemo: kodi kuteteza moyo kumathera pa tsiku lobadwa?

Za obwera kuchokera kunja nazo zautsa mkangano wa pachibale. Wachiwiri kwa pulezidenti wa America, JD Vance, yemwe ndi Mkatolika, adati chikondi chachikhristu chili ndi ndondomeko: banja poyamba, kenako anansi, kenako dziko lako, akunja pambuyo. Mu Febuluwale 2025 Papa Francis adalembera aepiskopi a ku America kalata yodzudzula kuthamangitsa anthu mwachisawawa, n'kuloza fanizo la Msamariya Wachifundo ngati muyeso weniweni wa ndondomeko imeneyo. Vance adatsamira pa aphunzitsi akale a Mpingo, Augustine ndi Aquinas, Papa adatsamira pa Luka 10, ndipo onse awiri ankatsutsa kuchotsa mimba. Ambiri mwa anthu omwe akuthamangitsidwawo ndi Akatolika ndi a Pentekoste ochokera ku Mexico, Guatemala ndi Honduras, ndipo aepiskopi a ku America, omwe adasangalala ndi chigamulo cha Dobbs, adakasumira boma lomwelo kukhoti mwezi womwewo pa za ndalama zothandizira othawa kwawo.